Lipoti la msonkhano wa ku Worcester wa zolimbana ndi njenjete m'minda ya mpesa

Wapampando, amayi ndi abambo a gulu lathu la Amalawi ogwira ntchito m'minda ya mpesa kuno ku De Doorns, m'dziko la South Africa, ndabwerako komwe munandituma. Malisiti a thiransipoti ndi chakudya ali kwa msungichuma. Amene ankati ndikukangodya ndalama za gulu apite akawaone.

M'mawa kunali malonje ndi nkhani za misika ya ku Ulaya, za eni minda zimenezo. Chomwe chinandigwira mtima ndi kanjenjete kotchedwa false codling moth. Kamaikira mazira pakhungu la chipatso, ndipo mbozi ikangoswa imaboola n'kulowa m'kati. Anatidulira mphesa ife tikuona: kunja kabowo kokha, m'kati mbozi ili mwaa kudya. Ikalowa choncho, mankhwala opopera saipezanso. Ndiye kupopera mwachisawawa n'kungotaya ndalama ndi kutidwalitsa ife.

Timisampha tija timatiwona m'mizere timakhala ndi fungo la njenjete yaikazi. Amawerenga zazimuna zokodwamo kuti adziwe nthawi yoyenera kupopera. Fungo lomwelo akalipachika pamipesa munda wonse, zazimuna zimasokonezeka, zazikazi osazipeza. Ku Citrusdal amachita kuweta njenjete zosabereka n'kumaziulutsa m'minda ya malalanje kuti zikakwerana ndi njenjete za m'mundamo zisachulukane. Nzeru zotere ndi zomwe ine ndikadakonda zitafala.

Masana ogulitsa makina opopera ankangotsatsa malonda awo.

Obwera kumsonkhanowo anagwirizana kuti mankhwala azisinthasintha kuti njenjete zisawazolowere, komanso kuti masiku odikira akapopera asanakolole azitsatidwa, poti ogula akunja amayeza zotsalira pachipatso. N'zabwino, koma sindinakhutire. Mphesa ili ndi masiku ake odikira, nanga munthu? Nditaimirira kufunsa za nthawi yoletsa kulowa m'munda akangopopera, anangoti zimenezo amaona ndi mafolomani.

Mafolomani ake ati? Nonse mukukumbukira chaka chatha, thalakitala ikupopera mzere woyandikana ife tikupatulira mphesa, mpaka amayi ena maso kufiira, kutsokomola usiku wonse. Kalata yodandaula yomwe tinagwirizana nthawi imeneyo komiti sinalembebe. Ena mukuti tikalankhula atichotsa ntchito poti ndife obwera. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, koma lamulo la dziko lino limati bwana azipereka zodzitetezera kwaulere, ndipo silisankha mtundu. Masiki, magolovesi ndi ovololo si mphatso.

Ndikupempha kuti Lamulungu lino tikatuluka m'tchalitchi tilembe kalatayo, tiitanenso anzathu a konkuno kuti tisaine limodzi, nyengo yopopera isanafike pachimake.