Mafani ambiri si ndiye kuti kompyuta izizira

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi achinyamata anzanga kuno ku Mzuzu amene ayamba kumanga okha makompyuta a desikitopu, ena a magemu, ena a situdiyo zojambulira nyimbo, enanso okonza mavidiyo a maukwati. Ntchito imeneyi ndimainyadira zedi, koma chikundiwawa nchakuti ndalama zikuthera pa mafani owala mitundumitundu ndi kesi (bokosi la kompyuta) ya galasi kutsogolo, mapeto ake makina akulira ngati chigayo koma mkatimo mukutenthabe.

Anzanga, mpweya umafuna njira basi. Mafani akutsogolo azikoka wozizira, wakumbuyo ndi apamwamba azitulutsa wotentha. Musanamange fani yang'anani kaye, mbali imene kuli timitanda togwira mota ija ndi komwe mpweya umatulukira, ena amakhalanso ndi kamuvi m'mbali. Mukatembenuza imodzi yokha ndiye kuti mafani akulimbana okhaokha, phokoso lokhalokha. Ndipo ngati kutsogolo kwatsekedwa ndi galasi olo muike mafani angati, akoka mpweya kuchokera kuti? Kesi ya timabowo kutsogolo yokhala ndi mafani atatu abwino imaposa yagalasi yodzadza mafani.

Za phokosozi ndiye ndikunena makamaka inu a situdiyo, chifukwa maiki amatola zonse. Fani ya 140mm imakankha mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, pomwe ka 80mm kamayenera kuthamanga kwambiri kuti kafikepo, nchifukwa chake kamalira chonchija. Gulani mafani a mapini 4 otchedwa PWM, amene liwiro lawo limatha kusinthidwa, mulowe mu BIOS (masetingi amene mumalowamo kompyuta ikangoyaka) muwauze kuti azithamanga pokhapokha purosesa, ubongo wa kompyuta, ikatentha. Purosesa kufika madigiri 70 kapena 80 pa ntchito yolemetsa si vuto ayi, zambiri zamasiku ano zimayamba kudzichepetsa liwiro zikafika cha m'ma 95 mpaka 100, ndiye palibe chifukwa choti mafani azikuwa tsiku lonse inu mukungolemba kalata. Ikani HWMonitor, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa zida za mkati, ndi yaulere, muziona manambala eni ake osati kungogwira kesi ndi dzanja.

Chimene chimatipusitsa ife a kuno ndi kuzizira kwa Juni ndi Julaye, munthu umamanga makina nthawi imeneyo nkumati zonse zili bho. Dikirani Okutobala, kutenthe, fumbi la m'misewu ya ku Chibavi ndi Mchengautuba liyambe kulowa m'nyumba, mudzaona hitisinki, chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa, itatsekeka yonse. Apa mpofunika kuti mpweya wolowa uzichulukirapo pang'ono kuposa wotuluka, ndipo uzidutsa pa kasefa, apo ayi fumbi limalowera m'ming'alu ina yonse. Kompyutayo isakhale pansi, ikwezeni patebulo ndipo isagunde khoma. Popemerera fumbi ndi bulowa muzithimitsa kaye nkugwira mapiko a fani asazungulire. Thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi hitisinki, nayo ikauma sinthani, kadontho kamodzi pakati pa purosesa nkokwanira.

Kwa inu ogulitsa zida za makompyuta m'tauni muno, chonde tibweretsereniko makesi a timabowo, masefa a fumbi ndi mafani akuluakulu opanda zowalawala, tisamachite kuitanitsa ku Lilongwe kapena kunja zinthu zing'onozing'ono ngati zimenezi. Ogula tilipo.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu