Abale kwathu, yang'anani kaye kachitsulo ka pa eyakoni musanagule

Akonzi,

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndatha zaka zoposa 20 kuno ku Harare ndikuyang'anira nyumba ina ku Mount Pleasant. Ndalemba chifukwa cha zomwe zidachitika pakhomo pano mu Okutobala, zomwe ndikuopa kuti zikagwera munthu wa kwathu.

Kuseri kwa nyumbayi kudali chibokosi chachitsulo chokhala pa silabu ya simenti. Timangoti eyakoni, koma si ija yopachika pakhoma, mbali ina mkati ina kunja. Iyi zonse zili m'bokosi limodzi panja, kompuresa yopopa gasi, mafani ndi makoyilo, ndipo mpweya umalowa m'zipinda kudzera m'mipope ikuluikulu ya malata. Mu Juni ndi Julayi, kuno kukazizira mpaka kapinga kuyera m'mawa, inkatenthetsa nyumba. Dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo, inkaziziritsa. Ndine ndinkaisamala. Ndinkatsuka masefa, kuchotsa maluwa a jakaranda omata pa koyilo, ndipo kulira kwake ndidakuzolowera ngati kupuma kwa mwana wanga.

Tsiku lina magetsi atazima n'kubwereranso mwadzidzidzi, idangong'ung'udza kawiri n'kukhala chete. Mmisiri atabwera adati kompuresa yapsa. Kenaka adapukuta kachitsulo kolembedwa pambali pa bokosilo n'kundiloza: R-22, dzina la gasi wa m'makinawo.

Mmisiriyu adali munthu woleza mtima, adandikhazika pansi. Gasi ameneyu akathawira m'mwamba amawononga ozoni, chophimba chimene chimatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la Montreal la 1987, limene Malawi ndi Zimbabwe adalowamo, lidaika kuti mayiko ngati athu akhale atasiya gasi wamtunduwu pofika 2030, kupatula pang'ono chabe wokonzera makina akale. Ndiye kuti chaka ndi chaka adzasowa, mtengo wake n'kumakwera. Ndipo sungangothira gasi wa m'makina atsopano, R-410A, m'makina a R-22, poti mphamvu yake pokankha m'mapaipi ndi yaikulu, mafuta a m'kompuresa nawonso ndi osiyana. Abwana atamva izi adati tigule yatsopano.

Ntchito yochotsa yakaleyo ndidaiona ndi maso anga. Mmisiri adayamba wakokera gasi yense m'silinda ndi kamakina kake, sadadule paipi kuti angothawira m'mwamba monga achitira ena. Tidainyamula amuna asanu ndi mmodzi. Makomo a mpweya a yatsopanoyo sadagwirizane ndi mipope yakale, mpaka tidakapangitsa cholumikizira cha malata kwa amisiri a ku Siyaso ku Mbare. Adaikanso kachipangizo kochedwetsa makina kuyaka kwa mphindi zingapo magetsi akabwerera. Kanthu kakang'ono, koma kakadakhalapo kale mwina yakale ija ikadali moyo.

Chomwe chandilembetsa kalatayi n'chakuti patapita masiku atatu padafika bambo wina wogula zitsulo zakale. Nditamumva akuyankha foni m'Chichewa ndidasangalala, tidalonjerana, kufunsana za kumudzi. Ndidamufunsa ngati akukaphwasula yakale ija kuti agulitse kopa. Adaseka.

"Iyayi achimwene. Ndiikamo kompuresa ina ya kaunjika, ndiipenta, ikwera thiraki kudzera pa Nyamapanda ndi Tete. Ku Blantyre kuli wa loji akuidikira."

Ndidati nanga gasi wake uja akutha? Iye adati, "Kwathu ndani amawerenga zolembedwa pachitsulo?"

Mawu amenewa andisowetsa tulo. Abwana adali atalandira kale ndalama, ine wantchito ndikadatani? Ndidangoima pageti kuonerera bokosilo likukwezedwa. Ndimaganiza za munthu amene wasonkhanitsa ndalama zake movutikira, mwina wachita kubwereka, n'kugula chinthu chonyezimira penti chimene mkati mwake chidatopa kale, chimene chikadontha gasi adzasakasaka woti athiremo kwa amisiri ochepa otsala naye, n'kulipira mtengo woboola m'thumba.

Choncho ndikupempha abale a malo ogona alendo, a zipatala zing'onozing'ono, a maofesi ndi aliyense wofuna makina oterewa: musanapereke ndalama, zungulirani kumbali, pezani kachitsulo kaja, muwerenge pamene alemba mtundu wa gasi ndi chaka chimene adapangidwa. Mukaona R-22, bwererani. Ngati kachitsuloko kachotsedwa kapena kapakidwa penti, bwereraninso. Ndipo mmisiri amene akudzachotsa yanu yakale, mumufunse ngati ali ndi silinda yokokeramo gasi asanagwire sipanala.

Amene ali pa chipata cha Mwanza nawonso ndikuwapempha atsegule maso. Bokosi limene ndikunenali ndi lotuwa, lili ndi chibonyongo pakona yakumanzere pomwe lidagundidwa ndi wilibala yanga zaka zapitazo.

Wanu wowerenga,
Woyang'anira nyumba, Mount Pleasant, Harare