Nkhope ya Harriet Tubman pa ndalama ikuchedwa pati?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mayi Harriet Tubman a ku America. Mu 2016 boma lawo linalengeza kuti nkhope yawo iikidwa pa ndalama ya madola 20 m'malo mwa Andrew Jackson, pulezidenti yemwe anali ndi akapolo, koma mpaka pano zii, anthu akungodikirabe.

Mayi amenewa anabadwira mu ukapolo ku Maryland, anathawa mu 1849 nkukafika ku Philadelphia, ndiye m'malo moti akhale phee poti apulumuka, iwo anabwereranso maulendo pafupifupi 13 kukatenga abale ndi anzawo, anthu ngati 70, kuyenda usiku m'tchire komanso akudwala mutu chifukwa cha chitsulo chomwe anagendedwa nacho ali mtsikana. Mu 1863 nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ili mkati anatsogolera asilikali pa mtsinje wa Combahee ndipo akapolo opitilira 700 anamasulidwa. Koma penshoni ya ntchito yawo ya ku nkhondoyi anachita kuivutikira zaka zambirimbiri, zimandiwawa kwabasi.

Ife kuno tinaika mayi Rose Chibambo pa K200 mu 2012 akadali moyo. Nanga a ku America chikuwavuta nchani, mayi Tubman anamwalira kalekale mu 1913?

Wowerenga wanu,
Mzuzu