Chilengezo: Zokambirana za Loweruka

Mamembala nonse,

Loweruka tikumananso pa Nchalo, pansi pa mtengo wa masawu uja. Tiyamba 8 koloko m'mawa, dzuwa la kuno kuchigwa lisanatiwambe.

Tikambirana za a Jensen Huang, mkulu wa kampani ya Nvidia. Anabadwira ku Taiwan mu 1963, n'kupita ku America ali mwana. Ali mnyamata ankatsuka mbale mu lesitilanti ya Denny's, ganyu yeniyeni imene ena kuno timaichitira manyazi. Anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku mayunivesite a Oregon State ndi Stanford, nagwirako ntchito ku AMD, kampani yopanga tizipangizo ta m'makompyuta. Mu 1993 anayambitsa Nvidia ndi anzawo awiri. Ankapanga tizipangizo toyendetsa zithunzi m'magemu a pakompyuta. Lero tomweto ndi timene tikuyendetsa AI, luso lopangitsa makompyuta kugwira ntchito ngati kuti akuganiza ngati munthu.

Akumakabaza, musachedwenso chonde. Aliyense atenge madzi akumwa ndi kope.

Mlembi