Lipoti la msonkhano wa khansa ya chiwindi ku Tete

Zikomo amfumu, a komiti ya zaumoyo ndi nonse a kuno ku Ulónguè amene munandituma. Malisiti a chapa (minibasi) ndi malo ogona ndapereka kwa msungichuma.

Tsiku loyamba linathera malonje ndi mafomu. Zenizeni zinabwera tsiku lachiwiri. Khansa imeneyi ndi yoyambira m'chiwindi momwemo, osati yochokera m'matumbo kapena m'bere n'kudzafalikira kumeneko. Zoiyambitsa zazikulu ndi tizirombo togwira chiwindi ta hepatitis B ndi C, kumwa kachasu zaka zambiri mpaka chiwindi kuuma, ndiponso poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Imakula mwakachetechete. Munthu akayamba kumva kupweteka kunsi kwa nthiti zakumanja, mimba kudzaza madzi, maso kuchita chikasu, kawirikawiri yafika kale posatheka opaleshoni.

Mwa ana 10 otenga kachirombo ka hepatitis B pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse. Katemera wake ali mu pentavalente, katemera wa matenda asanu amene ana amabayidwa pa miyezi 2, 3 ndi 4, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza jakisoni wina pasanathe maola 24 mwana atabadwa. Wopezeka nako, mankhwala a tenofovir amakafooketsa, ndipo amene chiwindi chawonongeka aunikidwe ndi makina oonera m'mimba a ultrasound miyezi 6 iliyonse. Msonkhano unagwirizana zoti oterewa azitumizidwa ku Tete. Ine ndinatsutsa. Mlimi wa ku Dómuè angapite kawiri pachaka ndi ndalama ziti?

Chimene chinandigwira mtima ndi chuku. Aflatoxin saphedwa ndi moto: kazingani nsawa, phikani nsima, iye ali momwemo. Amachuluka tikayanika chimanga padothi, tikachiika m'matumba chinyezi chisanatsike kufika pa 13 peresenti, komanso tikawaza madzi pa nsawa kuti zifewe posenda. Ndiye taonani zomwe timachita: zabwino timagulitsa, zofota ndi zakuda timasinja nsinjiro za phala la ana. Mwana amene ali kale ndi hepatitis B akamadya zimenezi, ngozi imachulukiratu.

Apa ndiyankhule poyera, amfumu. Chaka chatha tinasonkha ndalama ya malona oyanikira, atatu okha ndiwo anaoneka, ndipo ali m'makomo mwa anthu a komiti. Tiwauza bwanji amayi kuti asayanike padothi? Ndikupempha kuti pa msonkhano wa Lachisanu malonawo abwere pabwalo tiwawerenge, kukolola kusanayambe mu Epulo.