Mmene agogo ako ankalerera makanda

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino, iwe, bambo a kunyumba ndi mlendo wathuyo. Kuno ku Mangochi tilipo, kungoti dzuwa lanyanya.

Unandifunsa pa foni mmene amayi anga ankalerera ana nthawi ya atsamunda, poti apongozi ako akuti kale ana ankakula amphamvu popanda sikelo. Nkhaniyi ndi yaitali, ndiye ndati ndilembe.

Amayi anayamba kubereka boma lino likutchedwa Fort Johnston, dziko lili Nyasaland. Chipatala chinalipo kuboma, china cha amishoni a Anglican ku Malindi, koma kuchokera kwathu unali ulendo wapansi wa tsiku lonse. Choncho ankachirira m'nyumba, m'manja mwa azamba. Mchombo ankadula ndi bango long'amba, ndipo mayi ndi khanda ankakhala m'chikuta mpaka mchombowo utagwa. Akatuluka, mwana sankachoka kumsana, kumunda, kudambo, pamtondo. Ankayamwa zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo wina sankabwera msanga pambuyo pake. Bambo anali ku Joni ndi Wenela kukasaka ndalama ya msonkho, koma amayi sanalere okha: azakhali, agogo ndi atsikana a pamudzi ankalandirana mwana. Pa njala ya 1949 amayi ankati bere ndilo linapulumutsa achimwene anga aakulu.

Zimenezo apongozi ako akunena zoona. Koma amphamvu amene akuwakumbukirawo ndi amene anatsala. Amayi anabereka ana asanu ndi anayi, tinakula asanu. Mmodzi anamwalira asanatuluke m'chikuta, atauma nsagwada ndi kukana bere. Anthu anati ndi tsempho, amayi n'kusenza mlandu umene sunali wawo. Ine ndinadzazindikira ndili wamkulu kuti anali kafumbata wolowera pamchombo. Wina anatsegula m'mimba, liwombo n'kulowa, ndipo anamumata mankhwala pamutu osadziwa kuti m'thupi mwatha madzi. Amayi ankawatchula maina ana amenewa mpaka ukalamba wawo, ndipo akamatero mawu ankawathera pakhosi. Anali anthu anzeru, ankakonda ana awo, koma zimene iwe uli nazo pafupi iwo analibe.

Ndiye tamvera. Miyezi 6 yoyambayi mwanayo ayamwe bere lokha, usam'patse madzi, phala kapena zitsamba zoviika, ngakhale kutenthe bwanji. Kusikelo usajombe, katemera aliyense alandire. Azigona m'neti usiku uliwonse, malungo sanathe. Akatsegula m'mimba, pitiriza kuyamwitsa, um'patse Thanzi monga anamwino akulangizira, ndipo ukaona liwombo lalowa kapena thupi latentha thamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Apongozi ako usakangane nawo, ndi mantha a chikondi amene akuwayankhulitsa. Ulendo wotsatira wa kusikelo uwapemphe akuperekeze, akadzimvere okha. Ndipo uziwalola kum'bereka ndi kum'sambitsa mdzukulu wawoyo, iwe upumeko. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi inu a m'tauni n'chakuti mumatsekera chitseko n'kumalera nokha mpaka kutopa. Agogo ako zimenezo sanazione.

Ndakutumizira usipa wouma ndi nsinjiro, uzidya mokwanira kuti mkaka usachepe. Ndibwera mwezi wamawa kudzamuona, ndipo ndidzatenga nsalu ija amayi anandiberekera.

Ndine mayi ako.