Kiki Bertens sanali woperekeza anzake

Okondedwa a Mkonzi,

Ndipatseniko kamalo mnyuzi yanuyi ndiyankhepo pa zomwe ndinawerenga pa tsamba la zamasewero masiku apitawa. Choyamba zikomo kuti mwayamba kuikako tenesi, tinatopa nazo zongoona mpira wamiyendo tsamba lonse ngati masewero ena kulibe. Koma pali mau amodzi omwe mlembi wanu anaponya mongodutsa amene andikhala pakhosi, akuti mu tenesi munthu amene sanatengeko Grand Slam (imodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open) nde kuti anangoperekeza anzake basi. Ineyo ndakana. Ndipo pokana sindipita kutali, nditenga mtsikana mmodzi wa ku Netherlands, Kiki Bertens, amene ndamuonera pa TV zaka zambiri mpaka pakhomo pano ana ankandiseka kuti adadi mwayambanso kukuwa nokha usiku.

Bertens anabadwa pa 10 December 1991 ku Wateringen, kamudzi kapafupi ndi The Hague, ndipo Grand Slam sanatengeko, zimenezo nzoona sindibisa. Koma taonani zomwe anachita kaye musanamutche operekeza.

Chikho chake choyamba cha WTA, bungwe loyendetsa tenesi ya amayi, anachitengera muno mu Africa momwe, ku Fes ku Morocco mu 2012, ali ndi zaka 20, ndipo sanalowe mpikisanowo mwaulemu ayi, anachita kudzera mmagemu achipulula opezera malo aja amene amaseweredwa anthu asanayambe nkomwe kubwera ku bwalo. Pambuyo pake kunali zii. Zaka zingapo anangokhala wapakatikati, lero wawina mawa waluza, dzina lake simukanalimva pokhapokha mukhale munthu ofufuza zotsatira mmunsi mwenimweni mwa peji. Mkatikati mwa nthawi yomweyo anamupeza ndi chotupa pakhosi ndipo anakhala pafupifupi chaka chathunthu akuopa kuti mwina ndi khansa, akusewera choncho, osagona tulo, mpaka mu 2015 mpamene zinatsimikizika kuti chotupacho sichinali choopsa. Aliyense amene anadikirirapo zotsatira za kuchipatala ngakhale kwa sabata imodzi yokha akudziwa mmene mtima umakhalira, nde inu muganize kuti munthu akuyenera kukaima pa bwalo kumaseva mpira anthu akumuyang'ana.

2016 ndi chaka chomwe ambiri tinamudziwira. Kumayambiriro kwa chaka timu ya Netherlands inapita ku Moscow mu Fed Cup, mpikisano wa matimu a amayi a maiko, kukakumana ndi Russia, aliyense ankati akukangotaya nthawi ndi ndalama ya ndege, koma Bertens anakagwetsa Ekaterina Makarova ndi Svetlana Kuznetsova pakwawo pomwe ndipo Netherlands inadutsa kupita mu semifainolo. Kenako mu May anatenga chikho cha Nuremberg, apanso kuyambira ku chipulula, nkulowa French Open asali nkomwe mgulu la osewera amene amapatsidwa manambala aulemu aja. Gemu yoyamba anamupatsa Angelique Kerber, amene miyezi inayi yokha mmbuyomo anali atatenga Australian Open. Anamutulutsa. Anapitiliza, Daria Kasatkina, Madison Keys, Timea Bacsinszky, onsewo panja, mpaka anakafika mu semifainolo kukakumana ndi Serena Williams mwendo uli obandeja. Analuza 7-6, 6-4 koma amene anaonera seti yoyamba ija angakuuzeni kuti Serena anatuluka thukuta. Mzimayi wa ku Netherlands anali asanafikeko semifainolo ya Grand Slam chichokereni Betty Stöve mu 1977, zaka 39 a Mkonzi.

Koma chimene chinandipangitsa kumukonda mtsikanayu si zikhozo ayi. Ndi zimene zinachitika kumapeto kwa 2017. Chaka chimenecho anali atatenga zikho ziwiri, Nuremberg kachiwiri ndi Gstaad, ndipo mmagemu a awiriawiri iye ndi Johanna Larsson wa ku Sweden anafika fainolo ya WTA Finals, mpikisano wotseka chaka wa osewera apamwamba okhaokha, ku Singapore, kwa ife oonera kunja zinkaoneka ngati zonse zikuyenda. Pomwe mwini wake anali atatopa nazo, amafuna kusiya, iye yekha anadzaulula poyera kuti tenesi sinkamusangalatsanso, mantha ndi nkhawa zimamudya gemu isanayambe nkomwe ndipo akawina mmalo mosangalala amangopumira mmwamba kuti zatha. Anali ndi zaka 25 zokha. Kochi wake Raemon Sluiter, amenenso anaseweraponso tenesi yapamwamba, sanamunyengelere ndi mau okoma, anakhala naye pansi nkugwirizana kuti ngati apitilize nde asinthe kachitidwe, osati kumangodzikoka chaka ndi chaka uku akudana ndi ntchito yake yomwe.

Nde taonani zomwe zinatsatira. Mpaka nthawi imeneyo anthu ankati uyu ndi wa pa dothi basi, mukamuchotsa pa bwalo la dothi lofiira lija mwamumaliza, iyenso amaoneka kuti anazivomera. 2018 anayamba ndi chikho cha Charleston, pa dothi pomwepo, anthu nkumati tinanena. Anafika fainolo ya Madrid nkuluza kwa Petra Kvitova mu gemu yomwe inatenga pafupifupi maola atatu. Kenako pa kapinga wa Wimbledon, pamene kale amangopitako kukaonekera, anatulutsa Venus Williams ndi Karolina Pliskova nkufika kotafainolo. Ndipo mu August ku Cincinnati, pa bwalo lolimba, anagonjetsa Simona Halep amene nthawi imeneyo anali nambala 1 pa dziko lonse, ndipo muone mmene anawinira, seti yoyamba anadyedwa 6-2, yachiwiri Halep anafika potsala poyinti imodzi yokha kuti anyamule chikho, Bertens anakana, anaitenga setiyo pa tie-break, yachitatu nkumaliza 6-2. Sabata yomweyo anali atadutsa kale Elina Svitolina ndi Kvitova. Anadzawonjezera Seoul, nkufika semifainolo ya WTA Finals, ndipo WTA inamupatsa mphoto ya osewera amene wasintha kwambiri chaka chimenecho. Munthu amene miyezi 12 mmbuyomo amafuna kupachika nsapato.

Madrid ya 2019 nde ndimafuna mlembi wanu akaifufuze pa YouTube aionere yekha. Bertens anatenga chikho chimenecho osataya seti ngakhale imodzi sabata yonse, chinthu chomwe mzimayi aliyense anali asanachitepo pa mpikisano umenewo, ndipo munjiramo anagwetsa anthu anayi oti onse ali ndi Grand Slam mnyumba mwawo, Jelena Ostapenko, Kvitova, Sloane Stephens ndi Halep mu fainolo 6-4, 6-4. Halep akanawina tsiku limenelo akanabwereranso pa nambala 1. Nde funso langa nali, ngati amene alibe Grand Slam ndi operekeza, sabata imeneyo amaperekeza ndani, iyeyo kapena anayi aja? Pa 13 May 2019 anakwera kufika nambala 4 pa dziko lonse, palibe mzimayi wa ku Netherlands amene anafikapo pamenepo, ngakhale Stöve analekera pa 5.

Pa Stöve pomwepa ndinenepo pang'ono, chifukwa naye mwa masamu a mlembi wanu ndi operekeza. Mayi ameneyu mu 1977 anafika mafainolo atatu pa Wimbledon imodzi, ya yekha, ya awiriawiri ndi yosakaniza amuna ndi akazi, nkuluza onse atatu, ya yekhayo kwa Virginia Wade. Koma zikho za Grand Slam za awiriawiri ali nazo 10. Kaya tizimutcha chani ameneyu.

Sindikuti Bertens analibe zofooka, ndikanama. Mwayi wake waukulu unali French Open ya 2019, anapita ku Paris ambiri akumutchula kuti akhoza kutenga, nde mu ndime yachiwiri anadwala mmimba usiku nkusiyira panjira gemu yake ndi Viktoria Kuzmova seti yoyamba isanathe. Ine tsiku limenelo nsima sinalowe. Patangopita masabata awiri, kwawo ku 's-Hertogenbosch pamaso pa anthu akwawo, anali ndi mipata isanu yoti amalize fainolo ndi Alison Riske, yonse isanu inapita ndipo chikho chinapita ku America. Apo nde ngakhale ine ndinavomera kuti mantha aja sanathere konse, amangobisala. Ndipo nzoona kuti pa Australian Open ndi US Open sanachite zoti munthu nkuzikumbukira. Zimenezi mukazinena sindikutsutsani. Chomwe ndikukana ndi kutenga zaka zonse za munthu, zikho 10 za yekha ndi zina 10 za awiriawiri, nkuzipinda mmau amodzi oti operekeza chifukwa chakuti pa masabata awiri ena ake mimba inamutembenuka.

Mu tenesi Grand Slam zilipo zinayi zokha pachaka, aliyense amalowamo osewera 128, ndipo nthawi ya Bertens inali nthawi yoti Serena akadalipo, Kerber, Halep, Wozniacki, kenako Osaka ndi Barty. Komanso mu tenesi mulibe zoti timu ikunyamula, mulibe salale ya pamwezi, ndege ulipira wekha, hotela wekha, kochi wekha, ukaluza gemu yoyamba upakira zikwama ndi kandalama kochepa kaja nkupita dziko lina kukayesanso. Kukhala mu top 10 mmoyo oterowo kuchokera dziko laling'ono lomwe mitima ya anthu ili pa mpira wamiyendo, hockey ndi zotsetsereka pa ayezi, si zamasewera.

Gemu ina yomwe sindidzaiwala ndi ya 2020 ku French Open, ija inachitika mochedwa chifukwa cha Covid, kukuzizira, bwalo lili ndi anthu ochepa chabe. Chaka chimenecho anali atateteza chikho chake cha St Petersburg pogonjetsa Elena Rybakina, yemweyu anadzatenga Wimbledon mu 2022. Ku Paris anakumana ndi Sara Errani wa ku Italy, anamenyana maola opitilira atatu, minofu ya Bertens ikukokana miyendo ndi manja omwe, Errani nkumamuyesezera pa bwalo pomwepo kuti akunamizira, Bertens anapulumuka potsala poyinti imodzi kuti atuluke nkuwina seti yomaliza 9-7, kenako anagwa pansi ndipo anachita kumutulutsa pa njinga ya odwala akulira. Errani anachoka osamupatsa ulemu uja amapatsana pa neti. Ena mpaka lero amati inali sewero, ine ndimati munthu onamizira sakhala akubuula choncho gemu itatha kale, anamizira kuti apindule chani poti wawina kale?

Kumapeto kwa chaka chomwecho anamupanga opaleshoni ya mtsempha wa kuchidendene umene unali ukumuvuta kwa nthawi yaitali. Anabwerera mu 2021 koma aliyense amaona kuti si yemwe uja, liwiro linali litapita, ndipo mu June analengeza kuti chimenecho ndi chaka chake chomaliza. Anamalizira pa Olympics ya ku Tokyo komwe analuza gemu yoyamba kwa Marketa Vondrousova, amene anakafika mpaka fainolo nkutenga mendulo ya siliva. Anali ndi zaka 29.

Apa mpamene ine ndi anzanga ena timakangana kwambiri, iwo amati anathawa msanga, akanalimba mtima zaka zina zitatu mwina Grand Slam ija ikanabwera, amati onani Venus akusewerabe atadutsa 40. Ine ndimati munthu amene mu 2017 ananena poyera kuti ntchitoyi ikumudwalitsa, nkubwerera, nkuchita zazikulu kuposa kale, anali ndi ufulu onse onena kuti pano nde zakwana. Anadziwa kuti kuti abwererenso pamwamba pamafunika kudzipha ndi ma training tsiku ndi tsiku ndipo mtima ofuna zimenezo unalibenso, nde amakakamira chani, kuti ife oonera pa TV tisangalale iye akutsimphina? Taonapo osewera angati, mmasewero aliwonse, okakamira mpaka masapota awo omwe kuyamba kuwakuwiza. Ndalama anali atapeza kale zopitilira madola 11 miliyoni za mphoto zokha, banja anali atamanga mu 2019, thupi limakana. Ine ndikanakhala mchimwene wake ndikanamuuza chimodzimodzi kuti achemwali bwerani kunyumba.

Ndipo poti mlembi wanu amawerenga Grand Slam zokha, nde bwanji sanatchule Esther Vergeer, wa ku Netherlands komweko, amene pa tenesi ya pa njinga za olumala anawina magemu 470 motsatizana osaluzako kuyambira 2003 mpaka pomwe anapuma mu 2013? Kapena Diede de Groot amene mu 2021 anatenga Grand Slam zonse zinayi kuphatikizapo golide wa Paralympics chaka chimodzi? Awowo zikho ali nazo zosefukira koma mu nkhani ija munalibe ngakhale dzina lawo, nde zikuoneka kuti nkhani si zikho kwenikweni, ndi maina okhawo amene timawamva kawirikawiri.

Pempho langa a Mkonzi ndi loti tsiku lina mlembi wanuyo akapeza mpata akaonere fainolo ya Cincinnati 2018 ija kuyambira seti yachiwiri, akamaliza adzalembenso, ndipo ngati adzanenebe kuti Bertens amaperekeza ine ndidzamugulira fanta ndi mandasi.

Ine owerenga wanu wa nthawi zonse,
Okonda tenesi, Zomba